Kukomoka kwa Bambo Whitlock

Ku Normanton mwezi wa Novembala ngakhale agalu amaleka kuuwa, poopa kutaya malovu. Tsiku lina m'mwezi wotenthawo Col Maddern, amene anakalambira pa ntchito yokonza maeyakoni, makina oziziritsa m'nyumba, pansi pa malemu bwana wake, anakhala m'holo ya tauni moyang'anizana ndi Bambo Whitlock, woyesa mayeso wochokera ku Brisbane, munthu wobwera kamodzi pachaka atavala jekete ndi tayi. Col ankaifuna laisensi tsiku lomwelo, chifukwa eyakoni ya m'chipinda cha mayi ake kunyumba yosungirako okalamba inali itafa, ndipo akuluakulu a kumeneko anamuletsa kuikhudza alibe laisensi.

"Tiyambepo, bwana," anatero Col, akutsegula bokosi la zida.

Bambo Whitlock anayang'ana choyezera kutentha chomwe chinali pakhoma. "Sitingayambe."

"Chavuta n'chiyani?"

"Muno mwatentha. Lamulo likuti mayeso asachitike m'chipinda chopitirira madigiri makumi atatu. Apa pakuti makumi anayi."

"Aa, ndi zimenezo? Eyakoni iyi yafa basi. Ndipatseni kanthawi."

"Musaikhudze. Mulibe laisensi."

"Si imeneyi mwabwera kudzandiyesera?"

"Ndi imeneyo. Muikonza mayeso akayamba."

"Ndiye yambitsani mayesowo."

"Muno mwatentha."

Col anavula chipewa, nakanda m'mutu, nachivalanso.

"Chabwino. Ikonzeni inuyo. Laisensi muli nayo."

"Ndili nayo. Koma woyesa sakonza makina a mayeso. Kumeneko n'kuthandiza woyesedwa."

"Mayeso sanayambe, ndiye simunakhale woyesa."

"Ndinakhala woyesa nditangokwera ndege."

"Titulukire panja."

"Panja si chipinda. Itanani munthu wina wa laisensi."

"Analipo mmodzi yekha, Bambo Rourke, bwana wanga. Ali kumanda."

"Abwerako nthawi yanji?"

"Anamwalira, bwana!"

"Pepani. Ndiye sangathe."

Col anatuluka, nawoloka msewu kupita kubala, nabwerako ndi thumba la ayezi. Analikanikiza pa choyezera chija mpaka manja kuchita dzanzi.

"Taonani. Makumi awiri!"

"Chazizira ndi choyezeracho. Chipinda sichinazizire."

"Lamulo limanena za chiyani, chipinda kapena choyezera?"

"Chipinda."

"Nanga kutentha kwa chipinda mumakudziwa bwanji?"

"Ndi choyezera."

"Ndiye?"

"Choyezera chopanda ayezi." Bambo Whitlock anayamba kulongedza chikwama chawo. "Ndege yanga inyamuka masana ano. Tionana chaka chamawa, Bambo Maddern. Mudzapemphe kuti ndidzabwere mu Julayi."

Apa mtima wa Col unamira. M'mawa womwewo anali atawasiya mayi ake ali gone pansi pa thawulo lonyowa, fani ikungowaponyera mphepo yotentha ngati yochokera mu uvuni. Anachita mantha, ndipo mantha a Col amatulukira m'makani. Anakoka mpando nakhala pakhomo penipeni.

"Chaka chamawa mayi anga adzakhala atagona pafupi ndi Bambo Rourke. Pano simudutsa. M'lamulo lanu lonselo mulibe kampata ngakhale kamodzi?"

"Kalipo. Moyo wa munthu ukakhala pangozi m'chipindamo, aliyense akhoza kukhudza makina."

"Nanga mayi anga?"

"Iwo akuti bwanji?"

"Iwo aliyense amamuuza kuti ali bwino. Ananenanso choncho atathyoka mwendo."

"Ndiye ali bwino. Pangozi ndi pamene munthu wakomoka."

Col anawayang'ana kuyambira kutayi mpaka kunsapato.

"Komokani."

"Ine sindinama."

"Sindikuti muname, bwana. Ndikuti mukomoke."

"Bwanji osakomoka inuyo?"

"Ndikakomoka ine akonza ndani? Komanso ine ndinabadwira kuno, kutentha kumeneku ndinayamwira."

Anadzuka, natseka mawindo onse, naika ketulo pamoto m'kakhitchini ka holoyo.

"Tiyi, bwana?"

"Mukufuna kundikomola."

"Lamulo likuletsa tiyi?"

Bambo Whitlock anaganiza kaye. "Ayi. Wamkaka, chonde."

Anamwa. Thukuta linayamba kutsika ndi tayi. Anagwira batani la jekete kuti amasule.

"Kodi lamulo limati woyesa avale bwanji?" anafunsa Col mwaulemu.

"Modzilemekeza," anayankha motsitsa mawu, nalimanganso batani lija.

"Ndikuthirireni wina?"

"Theka. Bambo Maddern, ndikudziwitseni kuti khomali layamba kuyenda."

"Ndiye kukomokako kumeneko?" Col anatola sikuludiraiva.

"Ayi. Ichi ndi chizungulire chabe. Ikani pansi."

"Nanga ndidziwa bwanji kuti mwakomoka zenizeni?"

"Ndikuuzani."

"Munthu wokomoka amalankhula?"

"Funso labwino. Ndikuganiza kuti pamenepo lamulo—"

Khu! Bambo Whitlock anatsetsereka pampando.

Col si mfiti ayi. Anayamba wawaika thumba la ayezi kukhosi, nawamasula tayi, namvetsera ngati akupuma. Kenako anatsegula eyakoni. Sanachite kufufuza, chifukwa ku Normanton eyakoni ikafa umayamba wafunsa nalimata. Analimodi, atagona chopingasa pamawaya, wouma gwa. Col anamuchotsa, nasintha fyuzi, natseka. Makina anatsokomola kamodzi, kenaka mphepo yozizira inatsika m'holo monse, ya mtundu umene umamupangitsa munthu kukhululukira adani ake.

Patapita kanthawi Bambo Whitlock anatsegula maso. Anamanga tayi asanadzuke.

"Choyezera chikuti bwanji?"

"Makumi awiri ndi anayi. Chopanda ayezi."

"Zili bwino. Mayeso ayamba. Bambo Maddern, pezani chomwe chavuta pa makina awa, muchikonze."

"Ndakonza kale! Nayu wopalamula." Col ananyamula nalimata uja kumchira.

"Ine sindinaone."

"Mukanaona bwanji mutakomoka?"

"N'zimene ndikunena. Woyesa ayenera kuona ndi maso ake."

"Mphepo iyi simukuimva?"

"Ndikuimva, ndipo zikomo. Koma makina abwinobwino sindingakuyesereni. Pafunika akufa."

"Ndimubwezeremo."

"Musaikhudze. Kuwononga makina si mbali ya mayeso, ndipo palibe amene wakomoka."

"Ndiye komokaninso!"

"Muno mwazizira."

Col anakhala pansi penipeni, nalimata wakufa ali m'manja. Makani onse anamuthera. Akanakhala munthu wolira akanalira, koma anangoyang'ana kabokosi ka mafyuzi kamene anali atakonzeratu kuti athamange nako kwa mayi ake.

Bambo Whitlock anamuyang'ana. Anagwira kukhosi kwawo pamene panali ayezi paja.

"Mayi anu ali ndi zaka zingati?"

"Apitirira makumi asanu ndi atatu."

"Chipinda chawo chimatentha ngati mmene munalili muno?"

"Kuposa. Chili mbali yolowera dzuwa."

"Ndipo akuti ali bwino."

"Akuti ali bwino."

Nthawi yomweyo pakhoma panamveka kakulira, tche-tche-tche. Nalimata wina, wonenepa, wamoyo, anali atatulukira kuseri kwa wotchi, akuyenda pang'onopang'ono kulunjika pa eyakoni. Col, mwachizolowezi cha ntchito, anadumpha atanyamula chipewa kuti amupirikitse.

"Musamukhudze!"

"Bwana, akalowa ameneyu makina afanso!"

"Akafa, muno mutenga nthawi yaitali bwanji kuti mutenthenso?"

"Kanthawi ndithu."

"Nanga inu kukonza?"

Col anatsitsa chipewa pang'onopang'ono.

Koma nalimata uja anaima pakati panjira, nayamba kunyambita diso lake ngati alibe kopita. Bambo Whitlock anayang'ana wotchi, nayang'ana nalimata. Kenako anavula jekete, naipinda bwinobwino, nakwera pampando, nayamba kukupiza tayi kumbuyo kwa kanyamako.

"Tiye, mwanawe, tiye. Kumanzere. Polowera ndi apo."

"Bwana Whitlock! Nanga lamulo?"

"Tsegulani bokosi la zida, Bambo Maddern," anatero osacheuka. "Lamulo ndinaliwerenga lonse. Nalimata safunika laisensi."