Mlatho wa Matope

Pamzere wodikira basi, mmisiri womanga nyumba, ovololo yake ili mbuu ndi simenti, ankangoyang'ana thumba la zitsekerero za mabotolo limene mayi wina ananyamula. Kenaka analephera kupirira.

"Pepani mayi, zimenezi n'zogulitsa?"

"Ayi bambo, n'zowerengera ana. Ndimaphunzitsa kusukulu ya mkaka."

"Eya, ndinu omwe! Mwana wanga ndikukamuchotsa kusukuluko lero. Amabwera matope mpaka m'makutu, kope lili mbee. Ndikamufunsa zimene waphunzira, akuti, 'Adadi, timamanga mlatho.'"

"Unalimba mlathowo?"

"Kulimba kuti? Unagwa."

"Ndiye iye anatani?"

"Anandipanikiza ndi mafunso mpaka tiyi kundizizirira. Bwanji matope okha sagwira? Bwanji nyumba zanu sizigwa? Ndinachita kumuonetsa mmene timasakanizira mchenga ndi simenti."

"Anamva?"

"Kumva kokha? Akuti ndimathira madzi ambiri. Kamwana ka zaka zinayi!"

Mayiyo anaseka mpaka zitsekerero kulira m'thumba.

"Ndiye mukukamuchotsadi?"

Mmisiriyo anakanda mutu.

"Kodi makolo mumawalola kulowa nawo m'matopemo? Mlatho umenewo ukufunika maziko, mayi."