Mpeni Umene Adandilanda Tsiku la Idi

Assalamu alaikum, abale ndi alongo anga. Ashehe andipempha kuti ndifotokoze za moyo wanga mwaulemu komanso modekha. Ulemuwo ndiyesetsa. Kudekhako sindikulonjeza.

Ine ndine Ngozo wa ku Biriwiri. Pamzikiti pano mumanditchula Ibrahimu. Ndine Mngoni, ndipo ndidakula ndi khasu kudzanja ili, chipanda cha mowa kudzanja linali. Kachewere wanga ankabereka, kabichi nayenso osanena. Koma ndikagulitsa pamsewu sindinkalunjika kunyumba. Ndinkawolokera tsidya la Mozambique kumene kachasu sasowa, n'kubwerako thumba lili pululu.

Ndidali wa mtima wapachala. Munthu akandiponda phazi pamowa, chibonga ndicho chinkamuyankha. Mkazi wanga Nambewe adapirira zambiri. Ana adakula akundithawa.

Kenako thupi lidayamba kundikana. Ludzu losatha, kuonda, kupita kuthengo pafupipafupi. Tsiku lina khasu lidandikanda paphazi, kachilonda kochepa koti mwana sangalire nako. Kachilondako kadatha dzinja lonse kakunyeka. Kuchipatala cha ku boma adandigoneka, ndipo adati ndili ndi matenda a shuga.

Anzanga a pamowa aja palibe ndi mmodzi yemwe amene adaponda m'wodimo. Nambewe ankandidwazika, koma ankayenera kumathamangiranso kumudzi chifukwa kachewere sadikira wodwala. Pabedi loyandikana ndi langa padagona mkulu wina amene ankadwazikidwa ndi mng'ono wake, telala wa pa boma dzina lake Che Amidu. Nambewe akachoka, Che Amidu ndiye ankandinyamula kupita nane kuchimbudzi. Ankandisambitsa ine, munthu wosandidziwa, chilonda chikununkha. Ikakwana nthawi ankayala mkeka wake pakhonde n'kuswali, monga amapempherera Asilamu. Ndinkamuyang'ana pawindo ndi nsanje. Munthu uyu adali ndi poika mphumi pake, ine ndidalibe.

Nditatuluka m'chipatala ndidabwera pamzikiti uno. Ndidanena shahada, kuvomereza ndi pakamwa panga kuti palibe wopembedzedwa koma Allah. Mowa ndidasiya. Nkhumba zanga ndidagulitsa zonse, khola n'kuphwasula. Nambewe adatsala ku tchalitchi kwake, ine sindidamukakamize, ndipo m'mwezi wa kusala ankandiphikira osanyinyirika. M'nyumba mwathu mudalowa mtendere umene ana anga sadauonepo chibadwire.

Padatsala nkhani imodzi. Angoni a kwathu sitidula. Ashehe adandiuza pambali kuti mdulidwe ndi mwambo wa chipembedzo chathu, ndipo ndipite kuchipatala akandithandize. Ndidapita, sindidazengereze. Adokotala adayeza magazi, adayang'ana chipsera cha paphazi paja, n'kupukusa mutu. Adati shuga wanga ndi wokwera kwambiri. Adati ngati chilonda cha paphazi chidandizunza chomwecho, cha kumeneko chikhoza kundipha. Ndidikire, mwina shuga adzatsika, mwinanso ayi.

Ndidabwerera kumudzi osauza munthu wa pamzikiti. Manyazi. Bambo wa zidzukulu ungayambe bwanji nkhani yotere?

Koma pamudzi palibe chobisika. Munthu wamkulu akadulidwa amadziwika. Amasowa masiku angapo, ndipo akatulukira amayenda ngati bakha, atamanga chitenje. Ine sindidasowe. Lachisanu lililonse ndidali pamzere woswali ndi buluku langa. Ndiye anthu adawerengera okha.

Pali mkulu wina pakati pathu pano, wogulitsa nsomba zouma. Dzina sinditchula, akudzidziwa. Iyeyo adabadwira m'Chisilamu. Adapita kujando ali kamwana, atanyamulidwa ndi amalume ake, ndipo sadasankhepo kanthu. Koma mumuone mmene amayendera, ngati makiyi a kumwamba amasungira m'dengu la usipa. Adayamba kusuntha ndikaima pambali pake poswali. Kenako mawu. Ankati mneneri Ibrahimu adadulidwa ali nkhalamba, nanga Ibrahimu wa ku Biriwiriyu akuopa chiyani? Ankati si paja Angoni mumadzitama kuti simuthawa mkondo? Ankalankhula akuseka, enanso n'kumasekerera.

Ndinkameza. Ngozo wakale akadamuthyola nsagwada, koma ndinkati ndasintha.

Idi ya nsembe itayandikira ndidasankha tonde wanga wonenepa. Che Amidu adali atandiphunzitsa kuzinga nyama, mmene umaigonekera, kumene imayang'ana, mawu amene umanena. Ndidaitana Asilamu a dera lathu. Ndidaitananso abale anga a mowa aja ndi akamwini anga, kuti adzaone ndi maso kuti Ngozo ali ndi anthu ake tsopano. Ashehe tsiku limenelo adali kumudzi wina, Che Amidu adali ku boma.

Tidaigoneka mbuzi pabwalo. Ndidagwada, mpeni uli m'manja. Ndisadatchule n'komwe dzina la Allah, mkulu wansomba uja adandigwira pamkono n'kundilanda mpeniwo.

"Nyama yozinga munthu wosadulidwa ife sitidya," adatero.

Pakhomo panga. Mbuzi yanga. Pamaso pa mwana wanga wamkazi ndi akamwini anga. Adazinga yekha, ndipo nyama adadya mpaka kunyambita zala.

Inu amene mudalipo, ndikuyankhula ndi inu. Mudali ambiri, ndipo ena mwa inu mudaphunzira kumadrasa. Palibe adatsegula pakamwa. Mudangoyang'ana pansi ngati mwataya singano. Iye uja adandilanda mpeni, koma amene mudandipweteka kwambiri ndinu.

Mkulu wanga wobadwa naye, ali ndi kamowa m'mutu, adandiseka pomwepo. Adati nkhumba udagulitsa, mowa udasiya, koma eni ake akuti sudakwanire, ndiye uli kuti iwe? Funso limenelo lidandilowa. Ku mowa ndidachokako, ku Chisilamu akundikana pakhomo. Ndidayamba kuganiza kuti swala zanga zonse zidangogwera pansi. Ndidaganiza kuti ndikafa, osambitsa maliro adzandiona n'kusamba m'manja.

Ndidafufuza mwakachetechete mpaka ndidamva za ngaliba wina, wodula ana kujando, chakumunsi uko mbali ya ku Balaka. Nambewe atadziwa adandigwira miyendo. Adati abambo, adokotala adakana, phukusi la moyo umasunga wekha. Adati kafunseni kaye ashehe anu. Ndidamukalipira kuti za amuna sizimukhudza, komanso iye ndi wa tchalitchi, akudziwapo chiyani? Mawu amenewo ndimawamvabe m'makutu.

Ndidapita. Ngaliba sadafunse za shuga, inenso sindidanene. Sindidalire, Mngoni. Ndidabwera kunyumba nditamanga chitenje, mtima uli m'malo, ndikuti tsopano aone.

Sipadapite masiku ambiri, padatupa. Thupi lidatentha, fungo lidayamba. Ndidabisabe. Ndinkathira mankhwala a zitsamba amene adandipatsa, ndikuuza Nambewe kuti ndi mmene zimakhalira. Tsiku limene ndidakomoka pakhonde, iye ndiye adathamanga kumsewu kukaimitsa galimoto. Mkazi yemwe uja ndidamunyoza.

Ndidafika kuchipatala ndili kayakaya. Adokotala adalimbana nane, moyo adaupulumutsa, koma sadapulumutse zonse. Zimene zidawonongeka sindizinena, muli amayi muno. Ingodziwani kuti Nambewe ndi ine lero tikukhala ngati munthu ndi mlongo wake. Iye sadachite jando, sadalowe Chisilamu, sadalande mpeni wa munthu. Koma walipira nawo, ndipo adzalipira mpaka kumanda.

Ashehe adabwera kudzandiona. Ndidawafunsa mwaukali kuti kodi tsopano ndakwanira? Misozi idalengeza m'maso mwawo. Kenako adati:

"A Ibrahimu, mudali Msilamu wathunthu kuyambira tsiku limene mudanena shahada. Lamulo la mdulidwe lilipo, sindilichotsa, koma ndi la munthu amene thupi lake lingathe. Wodwala amamasula kusala, wolumala amaswali atakhala pansi. Mwini lamulo ndi yemweyo mwini chifundo. Mbuzi ija mukadazinga, ine ndikadadya. Bwanji simudandifunse?"

Safunsa adadya phula. Ine ndidadya phula lonse ndi njuchi zomwe.

Adapitiriza kuti thupi si langa, ndidangosungitsidwa, ndipo ndipemphe chikhululuko poliika pangozi. Apo ndiye ndidapsa mtima zenizeni. Ine ndipemphe chikhululuko? Ine wogona pano ndi paipi yokodzera? Nanga wansomba uja? Nanga inu ashehe, zaka zonsezi mwakhala mukutiphunzitsa kasambidwe ka zala ndi kutalika kwa buluku, bwanji izi simudazinene pagulu? Ashehe sadadziteteze. Adati nkhaniyi ankachita nayo manyazi kuitchula pa Lachisanu, ndipo manyazi awowo andipweteketsa. Ndimawalemekeza chifukwa cha yankho limenelo.

Atachoka ndidasiya kuswali. Ndinena zoona, ndidakwiyira Allah amene. Ndinkati ndidasiya zonse chifukwa cha Inu, malipiro ake ndi amenewa?

Che Amidu, telala uja, adamva n'kubwera. Sadandilalikire. Adangobweretsa mwala wosalala, n'kundionetsa mmene wodwala amadziyeretsera popanda madzi, kugunda manja pamwalapo n'kupukuta kumaso ndi m'manja. Adati swalini mutagona chomwecho, ngakhale ndi maso okha. Ndidakana. Mawa lake ndidakananso. Tsiku lina masana, azana yoitanira anthu kokaswali ikumveka kuchokera kumsika, ndidatambasula dzanja n'kugwira mwala uja.

Ndidaswali chagada, paipi ili m'thupi, mabandeji akununkha, osatha kugwada, osatha kuika mphumi pansi. Ndipo mtima wanga udadziwa kuti swala imeneyo yalandiridwa. Ndidalira ngati mwana, ine amene sindidalire kwa ngaliba. Ngati Allah akulandira munthu wonyansa chonchi, akadandikana chifukwa cha kakhungu? Iye sadandikanepo. Adandikana ndi munthu wogulitsa usipa, ndipo ine ndidamuopa munthuyo kuposa mmene ndidakhulupirira chifundo cha Mlengi wanga. Ndidapempha chikhululuko chija pabedi pomwepo, popanda wondikakamiza.

Mkulu wansomba naye adabwera kuchipatala. Adanyamula botolo la chakumwa chotsekemera, kubweretsera munthu wa shuga. Adatambasula dzanja akumwetulira, n'kunena kuti tsopano ndinu m'bale wathu weniweni. Ndidatembenukira kukhoma. Dzanja lakelo lidatsala m'malere mpaka adalibweza yekha.

Mpaka lero sindidamalize kumukhululukira. Akandipatsa salamu ndimayankha, chifukwa ndi lamulo. Koma mtima umatukusirabe. Ndimapempha Allah tsiku ndi tsiku kuti andichotsere mkwiyowu, pakuti amene adandikhululukira zaka zonse za kachasu ndi chibonga sangasangalale kundiona ndikusunga mlandu wa mnzanga. Ndidzafika, Insha Allah, koma sindidafike, ndipo sindinama m'nyumba ya Mulungu.

Kwa inu akulu ansomba ndinena ichi. Ine musandipepese. Ku Biriwiri kuli mayi wachikhristu amene adandisambitsa mafinya pamene inu munkagulitsa usipa. Akamva mawu oti Chisilamu, amakumbukira nkhope yanu. Pitani mukagwade pamaso pake.

Ndipo nonsenu amene mudabadwira m'chipembedzochi, lekani kuima pakhomo ngati alonda. Simudalembedwe ntchito imeneyo. Malamulo tiwasunge, inde, nanenso ndimawasunga. Wathanzi apite kuchipatala akadulidwe bwinobwino. Koma lamulo limene mwaliphunzira theka musamenyere nalo munthu amene wangofika kumene.

Alhamdulillah, kuyamikidwa konse ndi kwa Allah, amene adanditola pamowa, n'kunditolanso pabedi la imfa, osatopa nane. Chifundo chake n'chachikulu kuposa uchitsiru wanga, n'chachikulunso kuposa pakamwa pa anthu.

Ndikudziwa kuti ku Biriwiri, ku Mlangeni, ngakhale kuchigwa ku Kasinje, kuli madoda amene mitima yawo ikufuna kubwera kuno, koma akuopa lumo ndi kusekedwa. Ena ndi odwala ngati ine. Abambo anzanga, bwerani mmene mulilimo. Zina mudzakambirana ndi ashehe ndi adokotala, mwakachetechete, pa nthawi yake. Lachisanu mudzandipeza kumapeto kwa mzere woyamba, ndili pampando, chifukwa kugwada kudandikanika. Pambali panga pali malo. Mudzaime pamenepo, ndipo ine ndili moyo palibe amene adzakufunseni za m'buluku mwanu.