Pepala lofiira pa chitseko cha Tadala

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni kuchokera kuno ku Tallaght, mu Dublin. Umboniwu ndazengereza nawo, chifukwa ine sindikuonekamo bwino. Mwana wanga wamkazi, Tadala, akanafera yekhayekha m'chipinda ku China, ndipo amene anamuuza kuti akhale komweko ndine mayi wake.

Tadala wakulira muno mu Dublin. Chichewa amamva chonse, ngakhale miseche, koma kuyankha amayankha m'Chingerezi. Atamaliza koleji anapeza ntchito yophunzitsa ana Chingerezi mumzinda wina waukulu ku China. Sukulu inamupatsa chipinda pamwamba penipeni pa nyumba yosanja, ndipo moyo wake unali wa m'kalasi, kumsika, kuchipinda, basi. Ana ankamugwiragwira tsitsi, anthu m'basi ankamujambula osapempha, chakudya ankagula poloza ndi chala. Iye ankandiuza zimenezi akuseka, ine n'kumakazifotokoza kutchalitchi monyadira. Palibe mayi wa m'kwaya amene sanaone chithunzi cha mwana wanga atazunguliridwa ndi tiana ta m'kalasi mwake.

Kumeneko chikafika chaka chawo chatsopano sukulu zimatseka, anthu ambiri amapita kumidzi kwawo, nawonso aphunzitsi obwera amabalalika. Tadala anapempha kuti abwere kunyumba. Ndinamukaniza. Ndinati wangopita kumene, munthu wamkulu amapirira. Koma kunena zoona ndinkaopa pakamwa pa anthu, kuti aziti ntchito yamukanika. Iye anangoti, "Okay, Mum."

Tsiku lina m'mawa ndili mu Luas, sitima ya mumzinda muno, kupita kunyumba yosamalira okalamba kumene ndimagwira ntchito, ndinalandira uthenga wa mawu. "Amayi, m'mimba mukundipweteka kwambiri." Mwana amene chiyambireni sukulu sanandilankhulepo Chichewa! Mayi wanzeru akanatsika pompo. Ine ndinamwetulira, ndikuti kusungulumwa kwamukumbutsa chilankhulo cha kwawo. Ndinamuyankha kuti amwe madzi otentha agone, ndipo nditafika kuntchito foni ndinaitsekera m'kabati monga mwa lamulo.

Pa nthawi yopuma ndinamuimbira, osayankha. Ndinaimbanso, zii. Ndi pamene ndinazindikira kuti dzina la msewu wake sindikulidziwa, nambala ya kusukulu ndilibe, ngakhale dzina la mzindawo ndinkalitchula mokhotakhota. Zithunzi ndinali nazo zodzaza foni, koma munthu mmodzi woti ndimutume akagogode ndinalibe. Ndinadzida, abale, ndinadzida kwambiri.

Mnzanga wa kuntchito, Mayi Zulu a ku Zambia, anandipeza ndikulira. Nditawafotokozera anati, "Amake Tadala, kulira muzalira after. Manje tiyeni tipemphere." Tinagwada pakati pa mipando, yunifolomu ili m'thupi. Pemphero langa silinali lokongola. Ndinkangobwereza kuti, "Ambuye, wolakwa ndine, mwanayu sanalakwe. Tumizani munthu, aliyense, akagogode."

Ntchito ili pafupi kutha, Mayi Zulu anandikakamiza kukaonanso foni, ndipo ndinaipeza ikulira. Inali nambala ya Tadala, koma nkhope inali ya gogo wachitchaina wa imvi mbuu, akulankhula mofuula zimene sindinamve ngakhale liwu limodzi. Kenako anatembenuza foni. Mwana wanga anali gone pa bedi la m'chipatala, diripi ili pamkono, maso akuphethira.

Nkhani yonse Tadala anandiuza atapeza mphamvu. Pa chaka chatsopano anthu kumeneko amamata mapepala ofiira pa zitseko, ofunira nyumba mafuno abwino. Gogoyu amakhala moyang'anana naye, ndipo ankangogwedezerana mitu pokumana. Ataona kuti m'khonde lonse chitseko chopanda pepala n'cha mphunzitsi wachilendo chokha, zinamuwawa. Anatenga pepala ndi guluu, n'kugogoda kuti apemphe kaye. M'malo mwa yankho anamva kubuula. Anathamanga kukaitana mlonda wa pageti, anatsegula, n'kumupeza Tadala ali pansi akulephera ngakhale kufikira foni. Madokotala anati apendikisi inatsala pang'ono kuphulika. Titafananiza nthawi tinapeza kuti pamene ine ndi Mayi Zulu tinkagwada, iye n'kuti ali kale kuchipatala. Mulungu anatumiza wogogoda ine ndisanatsegule pakamwa, ndikuyendabe ndi nzeru zanga za madzi otentha.

Chimenechi chimandichititsa manyazi mpaka lero. Munthu wosadziwa dzina la mwana wanga anaona chitseko chopanda kanthu n'kudandaula, pamene ine womubereka ndinamva kulira kwake n'kumwetulira. Abusa anandiuza kuti Ambuye anakhululuka kale, ndipo ndikukhulupirira, koma mtima umachedwa kumva.

Tadala akadali komweko, wabwerera m'kalasi, ndipo madzulo ambiri amadyera kwa gogo uja. Tsopano ndili ndi nambala ya mwana wa gogoyo, ya kusukulu, ngakhale ya mlonda. Ndikuthokoza Mulungu, ndikuthokoza Mayi Zulu, ndikuthokozanso gogo amene sindingathe kucheza naye koma timakupizirana manja pafoni. Inu amene ana anu ali kutali, musatope kuwapempherera, ndipo akati akufuna kubwera musayambe mwafunsa kuti anthu ati chiyani.

Tadala atatuluka m'chipatala ndinamupepesa pafoni, misozi ili chuchuchu, mawu akutuluka odukaduka. Anandimvetsera pang'ono, kenako anandidula: "Mum, stop, you're so dramatic." Abale, chikhalireni kuno sindinakondwerepo ndi Chingerezi ngati tsiku limenelo. Ndinadziwa kuti mwana wanga wachira.