Mtengo Wokwera Basi

Chaka chimene mafakitale anayamba kufuka utsi ku Kafue, Lastone Zulu anaima pamzere wa basi kumbuyo kwa bambo wina wonyamula kamtengo m'chitini. Mayi wogulitsa nsomba za ku Chanyanya ndiye anayamba kumufunsa bamboyo.

"Imwe batate, mtengo uyenda kuti?"

"Ku nchito, amai. Tiyenda tonse."

"Mtengo usewenza?"

"Ba komiti banatipasa umodzi umodzi kuti komboni ikhale yobiriwira. Bati mtengo ukafa, pompi ya manzi siifika pa nyumba yako. Baneba banashanga yao m'nthaka, mbuzi zinadya yonse. Wanga ni uyu, wamoyo."

"Nanga mthunzi muzaupeza liti?"

"Ndine niupasa mthunzi. Dzuwa likakula, niuvalika chisote."

"Koma ba komiti bakabwera kuona ngati munashanga?"

"Banabwera pa Chiweru. Ninakumba dzenje, ninalowamo, chitini pamutu, pakuti mbuzi zinali pafupi. Bakazi banga bananibisa na udzu."

"Ba komiti banakamba chani?"

"Banatithirira tonse babili. Koma pompi bazatipasa bakaona kuti watalika, manje nisakila njerwa zoimapo."