Chaka Chimene Chiperoni Sichinabwere ku Nazale

Abusa, akulu a mpingo, abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu. Ndikufuna kuchitira umboni, ngakhale kuti umboni wake ndi wondichititsa manyazi.

Ambiri mukudziwa kuti ndimayang'anira nazale ya tiyi ku esiteti. Mukudziwanso kuti sindisekerera ulesi. Musaseke kumbuyoko, ndikukuonani.

Ku koleji anatiphunzitsa kuti m'nyengo yozizira mbande za m'machubu zimathiriridwa pang'ono, pakuti chiperoni chimamaliza ntchito yotsalayo ndi nkhungu ndi mvula yake yowaza. Kwa zaka zambiri zinayenda motero. Koma chaka chatha chiperoni sichinabwere. Juni anatentha ngati Okutobala, ndipo kamtsinje kamene timatungako kanaphwa mpaka miyala kuonekera.

Mbande zinayamba kufota m'mizere ya kumapeto, imene ankasamalira Mayi Namakhwa a ku Khonjeni, mayi wamasiye wa ana anayi. Iwo anandiuza kuti, "Madamu, dzuwa la chaka chinoli si lija ayi. Tiwonjezere udzu pa shedi, tizithirira kawiri." Ine ndinayankha kuti, "Mayi, ntchitoyi ndinachita kuphunzira. Musabise ulesi wanu m'dzuwa." Ndinalemba kalata kwa amanijala, ndipo mayiwo anachotsedwa ntchito. Ndinalemba ndi dzanja ili, abale. Dzanja ili.

Pofuna kuonetsa ena kagwiridwe koyenera, mizereyo ndinaitenga ndekha. Ndinathirira monga mwa buku, osaphonya tsiku. Patatha masabata atatu, mbande zonse za m'mizereyo zinauma. Tsamba ukaligwira, kufumbutuka ngati fodya. Nditaima pakati pa machubu aja, Mzimu anandifunsa mumtima kuti, "Tsopano kalata umulembera yani?"

Abale, kulapa m'chipinda pamaso pa Mulungu n'kopepuka, poti palibe wokuona. Koma kukwera kabaza mpaka ku Khonjeni, n'kukagwada pakhomo pa munthu amene unamulanda chakudya, ana ake akuyang'ana, ndi nkhani ina. Ndinapita. Mayiwo atandiona anati, "Dzukani madamu, mudetsa chitenje. Nanga udzu uja mwaika?"

Ndinali ndisanaike.

Ndinalemba kalata yachiwiri yonena kuti wolakwa ndinali ine, ndikudziwa bwino kuti ikhoza kundichotsetsa ntchito. Amanijala anandidzudzula kwambiri, ndipo kunali koyenera. Koma mayiwo anabwezeredwa pa ntchito, ndipo mbande zotsala zinapulumuka ndi nzeru zawo.

Sindikudziwa ngati chiperoni chidzabweranso monga kale. Nyengo yasintha, ndipo tonse amene timadya za m'nthaka tiyenera kupemphera ndi maso otsegula. Chimene ndikudziwa ndi chakuti Mulungu sanalole kuti kunyada kwanga kugoneke ana anayi ndi njala. Pa ichi ndikumuthokoza.

Mayi Namakhwa sapemphera mumpingo uno, koma lero abwera okha kuti ndisaime ndekha. Imirirani mayi, musachite manyazi. Abale, kondwerani nane. Amayi, nthungululu ili kuti? Amen.