Tsiku Limene Mkazi wa Mlonda Anakhala Mlendo

Mlonda wa pachipata cha phiri anakalambira pampando akulozera alendo njira ya kumathithi, koma mwiniwake phazi anali asanapondeko. Atamva kuti mawa abwana ayesa ofuna ntchito yotsogolera alendo, anakoka mkazi wake kukayeserera pathanthwe loonerapo chigwa, ndipo anafikapo ali wefuwefu.

"Tamvera, mayi a ana. Kuyambira pano ndiwe mlendo. Sudziwa kanthu, ngakhale ine sundidziwa."

"Chabwino."

Mlonda anakonza kolala, natsokomola pang'ono. "Takulandirani, mayi. Mtsinje mukuuona pansi apowo..."

"Ndikuona nkhungu."

"Uli kuseri kwa nkhunguyo."

"Ndiye munene kuti mtsinje umene sindikuuona."

"Aa, iwe. Alendo amangoti eee, kukongola."

"Eee, kukongola," anatero mayiyo, nkhope ili gwa.

Mlonda analoza kakhoma kamiyala pambali pa njira. "Ili ndi linga lakale. Makolo ankabisalamo nthawi ya nkhondo."

"Anali afupi bwanji makolowo? Khomali likundilekeza m'mawondo."

"Linagumuka."

"Nanga ndowe za mbuzizi?"

Apa mtima wa mlonda unati myuu, chifukwa linga la pachithunzi cha pachipata linali lalitali, lokhala ndi khomo. Koma mwamuna amene wakonza kale kolala sabwerera m'mbuyo chifukwa cha khola la mbuzi.

"Mbuzi zakale."

Mayi anawerama. "Ndowe zake n'zaziwisi."

"Tiyeni tikaone mlatho wachitsulo wa anthu oyamba kulambula msewu. Samalani, pano n'poterera." Anamugwira dzanja.

"Bambo, dzanja langa. Ndine wapabanja."

"Banja lake ndi ineyo."

"Munati sindikudziwani."

"Ndinatero, inde, koma..."

"Ndiye musandizolowere. Mwamuna wanga akamva sizikhala bwino."

Mlonda anakanda kumutu. Koma anafunanso kumva. "Mwamuna wanuyo ndi munthu wotani, mayi?"

"Wabwino ndithu. Amakhala pachipata, n'kumaloza phiri ndi chibwano."

Mawuwo anamulasa, popeza munalibe bodza. Anatulutsa mpango m'thumba, napukuta mwala wonyowa. "Mwatopa, mayi? Khalani apa, mupume kaye."

Mayi anakhala, nayala bwino chovala chake. Mlonda ananjuta pambali, mawondo akulira.

"Ndine chitsiru chokalamba," anatero. "Phiri lapakhomo panga, ndikulionera pachithunzi ngati wochokera kutsidya la nyanja. Mawa anyamata ofuna ntchitoyi andiseka mpaka kugwa. Basi, masewera atha. Khalanso mkazi wanga, undiuze zoona. Ntchitoyi ndiipeza?"

"Mtsinje simunaupeze. Linga mwalisokoneza ndi khola. Mlatho sitikudziwa ngati uli kuno."

"Ndamva, usawonjezere."

"Koma ntchito akupatsani. Mlendo mumadziwa kumusamala."

Mlonda anamwetulira mpaka zibwano kuwawa. Anadzuka, nasasa thalauza. "Ndiye tiye kwathu, mayi a ana. Njala yandipha."

Mayi sanasunthe.

"Mkazi wanuyo mukamufunefune nokha, bambo. Chikwatiwire, palibe anandipukutirapo mwala kapena kundifunsa ngati ndatopa. Ine ndikhalabe mlendo. Tsogolani, mlatho sindinauone."