Besi ya a Mvula ndi Kalata ya Inki Yofiira

Zikomo a mkulu wa mwambo. Mwandipatsa mphindi zisanu. Ndazilandira, koma sindikulonjeza kanthu.

Mlendo wathu wolemekezeka a PEA, mlangizi wa masukulu a zoni ino, aphunzitsi aakulu, Bambo Mfumu, mafumu athu, a komiti ya sukulu, Mayi Mvula pamodzi ndi ana ndi adzukulu, aphunzitsi anzanga, ndi inu eni ake a tsikuli, a Kefasi Mvula, amene lero mwavala tayi imene tinkaganiza kuti inadyedwa ndi makoswe, ndakupatsani moni nonse.

Amene simundidziwa, ndine Esitele Kamanga, wa Sitandade 5. Andisankha kuti ndiyankhule chifukwa akuti ndine amene ndimawadziwa bwino a Mvula. Sananame. Zaka khumi ndi zitatu takhala nyumba imodzi yogawa pakati, kuseri kwa bwalo la mpira uko. Khoma lotilekanitsa ndi la njerwa imodzi. A Mvula akatsokomola, kwathu timayamba kufunafuna mankhwala.

Ndisanapite patali, a Mvula, ndamva mphekesera. Akuti Lolemba kukubwera anyamata a bandi ya ku Boma kudzatenga besi yanu, mwawapatsa, kumudzi simupita nayo. Nkhani imeneyo tiikamba ndisanakhale pansi. Ndi chifukwa chake chikwama changachi sindinachisiye pampando.

Ine ndinafika pano mu 1994, chaka chimene sukulu inakhala yaulere. Ana anabwera ngati ngumbi. Chaka chomwecho matipati atangoyamba, anthu ena analowa ndale, ena anayamba geni. A Mvula anakhala pansi, n'kuganiza mozama, n'kupeza kuti chimene dziko lino likusowa ndi gitala ya besi.

Agogo athu amene simuidziwa, besi ndi gitala yaitali khosi, ya nsambo zinayi zokhuthala ngati waya wa mpanda. Payokha siyimba nyimbo. Imangoti dum, dum, pansipansi, kuti ena aziyimba pamwamba pake. Ndiye kuti mwini besi amafunika anzake. A Mvula analibe bandi. Analibe wa ng'oma, analibe woyimba. Anali ndi dum dum basi, ndi ifeyo.

Anakaigula ku Chipata, pa njinga, Loweruka lina. Nkhaniyi amaifotokoza okha, monyadira. Wogulitsayo anali ndi magitala atatu. A Mvula anafika m'mawa. Ankanyamula imodzi, kutsinzina diso limodzi, kuyang'ana khosi lake ngati ndi lowongoka. Kenako kuigogoda ndi chala ngati akusankha dzungu. Kenako kuika chibwano pathupi lake n'kuliza nsambo, akuti besi yabwino umaimvera m'mano. Akamaliza yachitatu, ankayambiranso yoyamba. Dzuwa litapendeka, wogulitsa uja anatopa, nati, "Ba mudala, muzagula olo mufuna kuikwatila?"

Anasankha yofiira, yothothoka penti pakona. Anaikulunga m'chitenje cha Mayi, kuibereka kumbuyo, ulendo wobwerera. Mukukumbukira masiku amenewo, aliyense ankangokamba za mfuti. Podutsa cha ku Kachebere, amayi ena anataya mitolo ya nkhuni n'kulowa m'chimanga. Uthenga unafika pasukulu pano eni ake asanafike, kuti aphunzitsi a Mvula agula mfuti. Tinachita mantha. Tikanadziwa, tikanasankha mfuti yomweyo. Mfuti imalira kamodzi.

Mukudziwa kuti magetsi kuno timangowamvera pa wailesi. Ife tinati tapulumuka, chifukwa besi popanda magetsi siimveka. Tinawaderera. Anapita ku Boma kwa wokonza mawailesi, amene anawapangira ampulifaya kuchokera ku wailesi ya galimoto. Anapeza batire. Sipika anailowetsa mumtsuko, akuti mawu azituluka onenepa. Mtsuko wake uti? Wa Mayi Mvula, wosungira madzi akumwa. Mayi anakalipira ana sabata yathunthu kuti auswa. Ana inu, lero dzina lanu layera.

Tsono kasamalidwe kake. Ine ndalera ana anayi, koma palibe amene anasamalidwa ngati besi imeneyi. Akamaliza kuliza, amapukuta nsambo imodziimodzi ndi thewera lakale. Pokungira nsambo amadontheza mafuta a makina osokera. Mwezi wa Okutobala amazimasulako pang'ono, akuti kutentha kungapinde khosi. Nthawi ya dzinja amaipachika pakati pa denga ndi pansi, kuopa chinyezi ndi chiswe. Tsiku lina mvula inawapeza akuchokera nayo ku tchalitchi. Ambulera inali imodzi. Anthu anali atatu: a Mvula, Mayi Mvula, ndi besi. Sindinena amene anafika kunyumba wouma. Mayi, inu kumwamba mudzalowa osafunsidwa mafunso.

Aphunzitsi anzanga, mukukumbukira tiyi wa 1997? Tiyi uja ankamveka dzimbiri, ngati wanyambita loko. Tinati ndi madzi a pa mjigo. Komiti inakumana kawiri. Anabwera anthu kudzamasula mjigo wonse, osapeza kanthu. Kodi chinali chiyani? Nsambo za besi zikamwa thukuta ndi litsiro, mawu ake amafa. Anthu ena amagula zatsopano. A Mvula anamva kwa munthu wina kuti ukaziwiritsa zimabwerera mwakale. Kunyumba Mayi anakaniza mapoto awo. Ndiye mukuganiza ankawiritsira muti? Mu ketulo yathu ya ku sitafu! Ine ndi amene ndinazigwira. Ndinavundukula ketulo m'mawa wina, ndinaona chinthu chitadzikulunga m'katimo, ndinakuwa kuti njoka. A Mvula anabwera akuthamanga, osati kudzandipulumutsa ayi. Ankati, "Musathire masamba, sizinapse!"

A PEA, musaseke kwambiri. Tiyi ameneyo inunso munamwa, nthawi ija munali mphunzitsi wa Sitandade 7. Munawonjezera kapu yachiwiri.

Nanga nyimbo zake? A Mvula amati amadziwa nyimbo khumi ndi ziwiri. Ine monga mboni ya kuseri kwa khoma ndikuti ndi imodzi. Tsiku lililonse folo koloko ikakwana, nthawi yomwe ine ndayala makope kuti ndichonge, dum, dum, du-dum. Mbale m'kabati mwanga zinkavina. Chithunzi chathu cha ukwati chinagwa katatu. Koma m'nyumba mwanga momwemo munali mdani. Malemu amuna anga, a Goliati, ankaikonda besi imeneyi. Ikangoyamba, ankasiya makina awo osokera, kutulutsa mpando pakhonde, kumagunda phazi pansi. Ankandiitana, "Esitele, tamvera, apa ndiye akhota!" Ine sindinamvepo pokhota paliponse. Ndipo mafuta a makina aja, mwadziwa tsopano kumene ankachokera.

Tsopano ndifike pa chimene ndaimirira pano. Mlandu suwola.

Mu 2001, kwa aphunzitsi aakulu a nthawi imeneyo kunafika kalata yopanda dzina. Inati pasukulu pano pali mphunzitsi amene akusokoneza mtendere, akuchititsa manyazi ntchito ya uphunzitsi, ndipo ana akuleka kuwerenga n'kumakaunjikana pawindo lake. Pansi panalembedwa kuti "Kholo lokhudzidwa." Ambiri a inu munkaganizira a komiti. Ena munkaganizira Mayi Mvula, ndipo anali ndi zifukwa zokwanira. Kholo lokhudzidwalo ndi ine.

Ee, ndi ine. Ndipo ndinachenjera kwambiri. Ndinalemba ndi dzanja lamanzere kuti asandizindikire. Pepala ndinang'amba m'kope la mwana wa kalasi ina. Koma nzeru zonsezo, ndinalemba ndi bolopeni yofiira, yochongera. Deti ndinaika kumanja, n'kujambula mizere iwiri kunsi kwake. Pomaliza ndinatseka ndi mzere wa rula. Zoni yonse ino, mphunzitsi amene amajambula mizere iwiri kunsi kwa deti analipo mmodzi kupatula ine. Ndi amene anandiphunzitsa zimenezo mu 1994. Ndi a Mvula.

Kalatayo inawerengedwa pamsonkhano wa aphunzitsi. A Mvula anapempha kuti aione. Anavala magalasi, anaiyang'ana nthawi yaitali, anaibweza, nati, "Yalembedwa mwaukhondo." Basi. M'mawa mwake ndikutsegula dirowa ya tebulo langa, ndinapezamo chingwe chakuda, chija chimalumikiza besi ku ampulifaya. Anachikulunga bwinobwino n'kuchimanga ndi mphira. Panalibe kakalata, panalibe mawu.

Kuyambira tsiku limenelo mtsuko uja sunalirenso. Ndinapeza mtendere umene ndinkaufuna. Zaka zisanu ndi chimodzi takhala tikupatsana moni, kubwerekana mchere, kupalana moto, koma za chingwe palibe anatchulapo. Ndipo musaganize kuti anasiya. Folo koloko ikakwana amaitsitsa besi yawo, amailiza yosalumikiza. Kuseri kwa khoma kumangomveka timawu ta zala, tche, tche, tche. Akamaliza amapukuta nsambo monga kale.

A Goliati anandiuza kangapo, "Esitele, kabweze chingwe cha eni ake." Ine ndinkati mawa. Anali manyazi, komanso mwano, ndivomere. Mawa lija linafika a Goliati kulibe. Anatisiya mu 2003.

Pamaliro amenewo, amene anapalasa njinga kukafuna matabwa a bokosi ndi a Mvula. Amene anaphunzitsa kalasi yanga mwezi wathunthu, pamwamba pa yawo, ndi a Mvula. Chaka chotsatira tikuvundukula chiliza, a kwaya anati, "Malemuwa ankakonda besi, a Mvula tithandizeni nyimbo imodzi." Ine ndinali pomwepo, pamphasa. A Mvula anayankha kuti, "Pepani, chingwe chinasowa." Sanandiyang'ane n'komwe. Anandibisira manyazi pamaso pa abale a amuna anga. Tsiku limenelo ndinalira kawiri, ndipo kulira kwachiwiriko palibe anadziwa chifukwa chake.

Koma nanunso a Mvula, ndinu ouma mutu. Chingwe chotere ku Chipata amagulitsa ngati matimati. Mwapitako kangati zaka zonsezi? Simunagule china. Munkadikira kuti mwini kalata abweze yekha. Mphunzitsi ndi mphunzitsi basi, yankho sauza, amadikira mwana alipeze. Tsono mwana wake wapezeka wochedwa kumva.

Ndiyankhuleko zoona, popanda nthabwala. Mwagwira ntchito zaka makumi atatu ndi zisanu. Ine anandibweretsa pano ndi satifiketi ya Fomu 4 ndi maphunziro a masabata awiri, n'kundipatsa ana zana limodzi ndi makumi awiri pansi pa mtengo wa mango. Tsiku lachitatu ndinalongedza katundu kuti ndizipita kwathu. Inu munandipeza pamsewu, munandilanda chikwama, munakhala nane masana onse kundionetsa kalembedwe ka sikimu, ndondomeko ya zophunzitsa. Ana amene munawaphunzitsa ali ku chipatala, ali ku maofesi, ena akhala m'mabenchi umu ndi ana awo kumbuyo. Simunakhalepo patsogolo. Simunafunepo udindo. Munali pansipansi, ife tonse n'kumayimba pamwamba panu. Besi imeneyi sikuti munaisankha mwangozi.

Ndiye Mayi Mvula atandiuza sabata yatha kuti mwati besi yosalira ndi nkhuni chabe, bola muipereke, ndinatenga pepala. Anyamata a ku Boma aja ndawatumizira uthenga kuti Lolemba asavutike. Ndalembanso ndi bolopeni yofiira, koma ulendo uno ndasaina dzina langa.

Aphunzitsi anzanga akugulirani nsambo zinayi zatsopano, za m'pepala, zosawiritsa. Ketulo ijanso tengani, palibe akuifuna. Batire ana anu anakalitchajitsa dzulo ku Boma, ndipo mtsuko uli kuseri kwa chitseko icho, Mayi avomera kuti upite nanu kumudzi. Chatsala ndi chimodzi.

Ichi. Chakhala mu dirowa yanga zaka zisanu ndi chimodzi, mphira wake ndi womwe uja. Mundilole ndigwade, ngakhale mawondo akukana. A Mvula, ndinakulakwirani. Ndinalakwiranso a Goliati. Pepani. Landirani chingwe chanu.

Mukapume bwino kumudzi. Mukadzuke nthawi imene mwafuna, mukalime mtedza wanu, mukalere adzukulu. Anansi anu atsopano tiziwapempherera.

Abale, tiwaombere m'manja a Mvula. Ombani mwamphamvu, ombani tsopano lino, chifukwa akangoyamba sitimvananso.

A mkulu wa mwambo, nthawi ili bwanji? Folo koloko? A Mvula, lumikizani. Muyimbe ija yomweyi. Mukafika paja a Goliati ankati mwakhota, mundikodole, lero ndikufuna ndipamve.